Lipoti la ulendo wa ambulansi: mayi wotaya magazi atachira, usiku wa mvula ku Mchinji

Ndine namwino komanso mzamba, ndipo ntchitoyi ndaigwira m'boma la Mchinji kwa zaka zoposa khumi. Pachipatala chathu palibe munthu amene ntchito yake ndi ya mu ambulansi mokha. Foni ikalira kuti kwinakwake kuli wodwala wofunika kukatengedwa, amene ali pa ntchito usiku umenewo ndiye amavala jekete n'kukwera. Usiku wa nkhani ino, mkati mwa Febuluwale, unali wanga. Lipotili ndinayamba ndalipereka pamsonkhano wathu wa m'mawa, ndipo ndalilembanso mofatsa kuti anzanga amene amaperekeza odwala m'misewu yafumbi ya kuno aliwerenge. Mayi mwini nkhaniyi anavomera kuti ilembedwe. Dzina lake, mudzi wake ndi mayina a zipatala ziwiri zokhudzidwa sinditchula.

Wodwalayo

Mayiyu ali ndi zaka 31, amalima mtedza ndi soya, ndipo iyi inali mimba yake yachisanu. Ana anayi oyambawo anabadwa bwinobwino, onse ali moyo. Kusikelo anapita kanayi. Buku lake likusonyeza kuti mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri magazi ake anali pa 9.8, ochepa kale, ndipo mapiritsi owonjezera magazi ankamwa modumphadumpha chifukwa ankamuchititsa nseru. Kutatsala masabata awiri anasamukira kuchidikiro cha pachipatala chaching'ono cha kwawo, limodzi ndi mayi ake omubereka monga gadiyani.

Izi ndazitchula dala. Mayi akafika pangozi timafulumira kunena kuti anachedwa kunyumba, kapena kuti anayamba wadzera kwa azamba a m'mudzi, omwe boma linawaletsa kubereketsa mu 2007. Uyu sanachedwe paliponse. Zonse zomwe timalalikira kusikelo anachita, ndipo chomwe chinatsala chinali mbali yathu.

Anachira nthawi ya 9:40 usiku, mwana wamwamuna wa makilogalamu 3.9, wolira bwino. Mzamba wa pamenepo anamubaya oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, mayunitsi 10 pantchafu mwana atangotuluka, monga zimafunikira. Nsengwa inatuluka 9:55. Cha m'ma 10:20 gadiyani anaitana kuti chitenje chanyoweratu. Nthawi ya 10:35 foni yanga inalira, anali mzamba uja.

"Asisita, bwerani msanga. Magazi sakuleka, chiberekero chikukana kulimba, ndipo ndili ndekha."

Analidi yekha. Panali iyeyo, wothandizira m'chipatala mmodzi, mlonda, ndi nyali ya sola.

Zomwe tinachita pa foni

BP inali 96/60, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi. Ndinamuuza kuti asachotse dzanja pamimba, azitikita chiberekero osalekeza, aike diripi ya lita imodzi yothira oxytocin mayunitsi 20, apereke mapiritsi anayi a misoprostol, olimbitsanso chiberekero, pansi pa lilime, akweze miyendo ya mayiyo, amufunditse, ndipo nsengwa asaitaye. Tranexamic acid, mankhwala othandiza kuti magazi aleke kutuluka, analibe. Chovala chawo cha NASG, chomwe timaveka mayi wotaya magazi ambiri, chinali chitapita ndi wodwala wina sabata yapitayo ndipo chinali chisanabwerere. Chimodzi ndinaiwala kumuuza, ndicho kukhuthula chikhodzodzo, ndipo tinalipira kuiwalako kutsogolo.

Ambulansi inali isanabwere kuchokera kwina komwe inakatenga mwana wodwala malungo aakulu. Inalowa pageti 10:55. Podikira ndinatsegula bokosi lathu n'kuwerenga zam'katimo: tranexamic acid mabotolo okwana magalamu awiri, oxytocin wochokera mufiriji, ampicillin (mankhwala opha tizilombo), singano zazikulu za diripi, malita anayi a madzi a diripi a Ringer's lactate, kachubu ka mkodzo, magolovesi aatali, bandeji, tochi. NASG yathu ndinaikolekera paphewa. Silinda ya okosijeni ya m'galimoto sindinaiyang'ane. Tinanyamuka 11:05.

Mtunda wake ndi makilomita 38. Khumi ndi anayi oyambirira ndi tala, otsalawo ndi dothi lofiira lomwe likanyowa limaterera ngati therere. Njira yonse ndinkangoyang'ana wotchi, ndipo chifukwa chake n'chakuti tranexamic acid ali ndi nthawi yake. Kafukufuku wamkulu wa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anasonyeza kuti mankhwalawa akaperekedwa maola atatu asanathe chibadwire mwana, imfa zobwera ndi kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola atatuwo akadutsa, phindu lake silionekanso. Bungwe la WHO linakonzanso malangizo ake chaka chomwecho potsatira zimenezi. Mwana anabadwa 9:40. Ndiye kuti malire athu anali 12:40. Tikanati mayiyu akalandire mankhwalawa atafika kwathu, nthawi ikanakhala itapita kalekale. Njira yokhayo inali yakuti mankhwala amupeze iye komwe wagona.

Tinafika 12:15.

Zomwe ndinapeza

Mayi anali chigonere pabedi la m'leba, akunjenjemera, manja ndi mapazi zili zii, akupempha madzi akumwa mobwerezabwereza. M'zikope munali mbuu. Ankayankha ndikamuitana, koma maso ankathawa. BP 82/50, mtima ka 128, kupuma ka 28 pa mphindi. Amene sanazolowere kuwerengera kumeneku agwire ichi: mukagawa kugunda kwa mtima ndi nambala yapamwamba ya BP, yankho likafika 0.9 mayi wotaya magazi ayenera kutumizidwa, ndipo apa linali 1.56. Popanda kugawa n'komwe, mtima ukangogunda kuposa nambala yapamwamba ya BP, zinthu zavuta. Kunjenjemerako mbali ina kunali kwa misoprostol, yemwe amachititsa zimenezo, koma kuzizira kwa manja kunali kwa shoko, kutanthauza kuti magazi sankafikanso mokwanira m'thupi lonse.

Pansi panali zitenje zitatu zonyowa zothinana m'beseni, ndipo pepala lapulasitiki la pabedi linali ndi thamanda. Mzamba uja anati magazi otayika aposa lita. Ine ndinaona kuti aposa pamenepo ndithu, poti maso amanama pa nkhani ya magazi ndipo chitenje chimamwa zambiri osaonetsa. Chiberekero chinali chofewa, chitakwera kupitirira mchombo ndi kupendekera kumanja. Chikhodzodzo chinali chodzaza. Diripi inali imodzi, ya singano yaing'ono, ikudontha pang'onopang'ono.

Tinagawana ntchito. Mnzangayo analowetsa kachubu ndipo munatuluka mkodzo wokwana mamililita 400. Nditatikita, chiberekero chinalavula magazi oundana odzaza manja awiri n'kuyamba kulimba. Ndinaika singano ya nambala 16 padzanja lina, ndipo 12:22 ndinayamba kulowetsa galamu imodzi ya tranexamic acid pang'onopang'ono, kwa mphindi khumi. Tinali titatsala ndi mphindi 18.

Mankhwala akulowa, tinamuveka NASG. Kwa amene sanachionepo, ndi chovala cholimba chotanuka, chomata, cha zigawo zisanu ndi chimodzi. Mumayambira kuakakolo kukwera m'miyendo, kenako m'chiuno, ndiye chigawo chokhala ndi kampira chimakhala pamchombo penipeni, chomaliza n'kutseka pamwamba pake. Chimafinya mitsempha ya kumunsi kuti magazi otsalawo azipita kumtima, kumapapo ndi kuubongo, ndipo chimachepetsa opita kuchiberekero. Sichichiza. Chimangokupatsani nthawi yoti mufike. Dalaivala wathu ndi amene ankandipatsira zigawozo motsatana, atatembenukira kukhoma mwaulemu, chifukwa anaphunzira nafe tsiku lomwe tinkaphunzitsana kavalidwe kake.

Kenako ndinapempha nsengwa. Mnzangayo anali ataisunga m'beseni monga ndinamuuzira. Titaiyala pansi pa tochi panaoneka dzenje m'mphepete, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Chidutswa chinatsalira m'kati, ndipo n'chifukwa chake chiberekero chinkalimba n'kumasukanso. Njira yoberekera ndi khomo la chiberekero tinaziyang'ana, panalibe pong'ambika potulutsa magazi otere.

Apa ndi pomwe panali chisankho chovuta cha usiku wonse. Kuchotsa nsengwa yotsalira ndi dzanja ndi ntchito yomwe mzamba wa chipatala chaching'ono amaloledwa ndipo amaphunzira. Nditapereka ampicillin magalamu awiri ndinavala golovesi lalitali n'kulowa. Zidutswa zina zinatuluka mosavuta, koma china chinali chitakakamira kukhoma la kumbuyo. Ndinayesa kamodzi, ndinaleka. Kukanganula mokakamiza, pamalo opanda magazi oika ndi opanda fiyeta, kukanatha kutsegula mtsinje woti sindikanautseka. Pamsonkhano wa m'mawa ena anati sindikanayenera kuyesa n'komwe, ena anati ndikanalimbikira. Ine ndikuimabe pomwe ndinaima: kuyesa kamodzi mofatsa, chikakana n'kunyamuka.

Nthawi ya 12:40 BP inali 90/56, mtima ka 118. Tinamunyamula pamachira.

Pakhomo panali nkhani ina. Achibale asanu anali atakonzeka ndi mitolo, mapoto ndi nkhuni. Kumbuyo kwa Land Cruiser kukadzaza anthu ndi katundu, namwino amasanduka wokwera nawo chabe, sangafikire dzanja la wodwala.

"Agogo, inu mukwere kuno mufukate mwana pachifuwa, khungu kukhungu, mumufunditse bwino. Bambo, inu mukhale kutsogolo ndi a dalaivala, mwina kukafunika magazi anu. Enanu mutipeze mawa."

"Nanga ziwiyazi, anamwino, tikadyera chiyani?"

"Poto mmodzi ndi mbale ziwiri, agogo. Zinazo abweretsa kukacha."

Anamvera. Tinanyamuka 12:45, titakhala pamalopo mphindi 30.

Panjira

Ngowe yokolekera diripi inali itathyoka, ndiye mabotolo awiriwo ndinawamangirira ndi bandeji kuchogwirira cha kudenga. Ndinagwada pambali pa machira, bondo lina nditaponda nalo bokosi kuti lisamathawe, dzanja limodzi pamkono wa mayi, tochi ndili nayo kukamwa. BP m'galimoto yoyenda pa mabampu siimveka ndi makutu. Chomwe chimatheka ndi kuwerenga mtima ndi zala, kuyang'ana thewera, kuyang'ana mkodzo m'thumba, ndi kumulankhulitsa wodwala. Ndinkamufunsa mayina a ana ake kuyambira woyamba, akamaliza ndiyambirenso. Akayamba kusokoneza ndondomeko yake, ndimadziwa kuti magazi akuchepa kumutu. Mphindi khumi ndi zisanu zilizonse ndinkalemba zomwe ndapeza kuseri kwa kalata yotumizira wodwala.

Nthawi ya 1:10 tinafika padambo lina lomwe popita tinadutsa movutikira. Mvula inali itawonjezera. Matayala akumbuyo analowa mpaka theka, galimoto n'kukhala pansi. Dalaivala anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, matope okhaokha kuuluka. Anazimitsa kaye, nati, "Asisita, ndikapitiriza ndiikwirira. Ndiloleni ndiitane anthu." Anaimba hutala katatu motalika, bambo aja n'kuthamangira kunyumba zomwe zinkaoneka kumtunda.

Nthawi yomweyo zinthu ziwiri zinachitika m'kati. Thewera linanyowanso, mtima unakwera kufika 126, ndipo mayi anatchula mwana wachitatu kawiri. Kenako kampira ka pa okosijeni kanagwa. Silinda inali yatha. Inali itagwira ntchito pa mwana wa malungo uja, ndipo ine sindinayang'ane geji ponyamuka. Kulakwa kumeneko n'kwanga.

Ndinalowetsa dzanja pansi pa chigawo cha pamimba n'kutikita chiberekero mpaka chinalimba. Ndinatsegula diripi ya oxytocin kuti ithamange, ndipo 1:15 ndinayamba galamu yachiwiri ya tranexamic acid, yomwe imaloledwa ngati magazi akupitirira patatha mphindi 30 chiperekere yoyamba. Madzi a diripi inayo sindinawathamangitse mopitirira, poti madzi ochuluka amasungunula magazi otsalawo n'kuwalepheretsa kuundana. Cholinga changa chinali chakuti azindiyankha ndiponso mtima uzimveka padzanja, osati kuti BP ibwerere mwakale.

Kunja kunamveka mawu ndi agalu. Anabwera amuna asanu ndi awiri ndi makasu, wina atasenza njerwa, ena akudula nthambi. Mmodzi anasuzumira pawindo, naona agogo atafukata khanda, natembenuka n'kukuwa, "Muli mayi umu, anthuni! Kumbani!" Palibe anafunsa za ndalama. Anakumba kutsogolo kwa matayala, anayala njerwa ndi nthambi, anakankha ali m'matope ofika m'mawondo. Nthawi ya 1:30 galimoto inatuluka. Sitinaime kuti tithokoze, dalaivala anangoimba hutala kawiri.

Pakamtunda kena, pomwe dalaivala amadziwa kuti netiweki imagwira, anachepetsa liwiro osandiuza n'komwe, nangoti, "Imbani apa." Inali 1:40. Ndinauza dokotala wa usikuwo zaka za mayi, nthawi yomwe anachira, zomwe ndikuganiza kuti zatsalira, BP ndi mtima, mankhwala onse ndi nthawi zake, ndi kuti tifika pakatha theka la ola. Ndinapempha kuti adzutse wa kulabu ndi wogonetsa odwala, ndiponso kuti okosijeni atidikire pakhomo.

Tinalowa pageti 2:15.

Kuchipatala ndi zotsatira

Pofika BP inali 94/58, mtima ka 114, akuyankha bwino. Magazi ake anapezeka pa 5.4, gulu O. Kulabu kunali mapaketi awiri ogwirizana naye, ndipo loyamba linayamba kulowa 2:35. Nthawi ya 2:50 analowa kufiyeta atavalabe NASG, poti chovalachi chimasiya njira ya kumunsi yotsegula. Anachotsa chidutswa cha nsengwa chija, chiberekero chinalimba, magazi analeka. Sipanafunike kung'amba pamimba. Mwamuna wake anapereka magazi kukacha, olowa m'malo mwa omwe tinagwiritsa ntchito.

NASG tinaivula m'mawa, mayi atakhala maola oposa awiri mtima ndi BP zili m'malo. Povula mumayambiranso kuakakolo, chigawo chimodzi, kudikira mphindi 15, kuyeza, ndiye chinzake. BP ikatsika ndi 20 kapena mtima ukakwera ndi 20, mumamatanso zonse. Ndalemba izi chifukwa ngozi yaikulu ya chovalachi ndi munthu wosachidziwa amene angachimatule chonse nthawi imodzi wodwala atangofika. Kwa iyeyu sipanavute. Anatuluka tsiku lachisanu magazi ali pa 8.1, mwana akuyamwa bwino. Tinamupatsa mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu n'kumulangiza kuti azimwa atadya, tinakambirana naye ndi mwamuna wake za kulera, ndipo m'buku lake tinalemba ndi zilembo zazikulu kuti mimba ina iliyonse adzachirire pachipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi.

Zomwe nkhaniyi ikutiuza za ambulansi zathu

Kuchokera pomwe foni inalira kufika pomwe tinalowa pageti panadutsa mphindi 220. Mwa izo, 30 tinadikira galimoto, 70 tinali panjira yopita, 30 pamalopo, 90 pobwerera. Palibe mayi wotaya magazi chonchi amene angapirire mphindi 220 popanda thandizo. Anapulumuka chifukwa mphindi zimenezo sizinali zongodikira: mzamba anagwira ntchito ndi malangizo a pa foni, mankhwala anabwera ndi galimoto, ndipo kumbuyo kunali munthu woyang'anira mpaka kufika.

Pamene ndinkayamba ntchito zinthu sizinali choncho. Zipatala zazing'ono zambiri zinkaitana ambulansi pa wailesi ya mauthenga, batire ikatha ndiye kuti mlonda apalase njinga. Galimoto inkapita ndi dalaivala yekha nthawi zambiri, wodwala n'kugonekedwa kumbuyo ndi achibale, ndipo zomwe zachitika panjira tinkazidziwira pakhomo potsegula chitseko. Kuchokera kumudzi kufika pachipatala chaching'ono kunali ngolo, machira a mitengo, kenako njinga zokoka kabedi zomwe mabungwe anagawa m'midzi. Ku Mangochi anayesa njinga zamoto zokhala ndi bedi pambali. Kuno ku Mchinji magulu a amayi a MaiMwana anathandiza midzi kukambirana za zizindikiro zoopsa ndi za mayendedwe mayi asanafike pangozi. Kuyambira 2013 boma lathu lino, pamodzi ndi Dedza, Ntcheu ndi Balaka, linali mu ndondomeko yothandizidwa ndi Norway ndi Germany yomwe inkapatsa amayi kangachepe koyendera ndi kodikirira kuchipatala. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chinazoloweretsa anthu kuti malangizo a zaumoyo angathe kubwera pa foni. Zonsezi zinakoka amayi kubwera kuchipatala, ndipo zikuoneka m'ziwerengero za dziko: amayi omwalira pa zifukwa za uchembere anali 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 2004, anatsika kufika 675 mu 2010, ndi 439 pa wa 2015 mpaka 2016.

Koma tikawaitana amayi kuti adzachirire pachipatala chaching'ono chopanda magazi ndi fiyeta, ndiye kuti tawalonjeza kuti zikavuta tidzawasamutsa ali moyo. Lonjezo limenelo limakwaniritsidwa kapena kusweka kumbuyo kwa ambulansi.

Mu 2019 Unduna wa Zaumoyo, ndi thandizo la World Bank, unayambitsa ntchito ya ambulansi zangozi pa nambala ya 118, poyambira pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Cholinga chachikulu chinali ngozi za pamsewu, ndipo ife a msewu wa M12 tinali kunja kwa gawo loyambalo. Komabe chomwe ndinachiona chofunika pa ntchito imeneyo si magalimoto atsopano ayi. Ndi maganizo akuti kusamalira wodwala panjira ndi luso palokha, lofunika kuliphunzira, lokhala ndi anthu ake, zida zake ndi malo olandirira mafoni. Kusukulu ya unamwino tinaphunzira kugwira ntchito pabedi losagwedezeka, pali kuwala, pali mnzako woitana. Palibe anandiphunzitsa kuika singano galimoto ikudumpha, kumangirira wodwala kuti asagwe, kusankha pakati pa kuima ndi kupitirira, kapena kuwerengera kuti silinda itha mphindi zingati. Zimenezi ndaziphunzira pa odwala, ndipo si mmene ziyenera kukhalira.

Palinso mtengo womwe sitiuwerengera. Maola atatu omwe ndinali panjira, m'leba mwathu munatsala mzamba mmodzi ndi amayi anayi. Nthawi iliyonse namwino akaperekeza wodwala, wodi imatsala yopunduka. Ulendo ukakhala wopitirira mpaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, makilomita oposa 100 kuchokera pa boma, ndiye kuti usiku wonse wapita. N'chifukwa chake ndikuona kuti maboma ngati athu akufunika anthu ophunzitsidwa za mu ambulansi, ngakhale ochepa, osinthana usana ndi usiku, amene galimoto ndi bokosi zikhale m'manja mwawo. Pomwe tikudikira zimenezo, dalaivala asaonedwe ngati woyendetsa chabe. Wathuyu anadziwa ndondomeko ya NASG, anadziwa poleka kupondereza mafuta, anadziwa pomwe netiweki imagwira. Madalaivala onse a ambulansi ataphunzitsidwa thandizo loyamba, kunyamula wodwala ndi kuthandiza kupuma, namwino sangakhalenso yekha kumbuyoko.

Za mafuta ndi za ambulansi kutumidwa ntchito zina aliyense wa ife akuzidziwa, ndipo miyezi yomwe dizilo amasowa m'dziko muno imatipweteka kuposa ena onse. Usiku umenewu thanki inali ndi mafuta, ndiye sindikhalitsapo.

Chomwe ndikufuna kukhalitsapo ndi kuzindikira msanga. Pakati pa 9:55 ndi 10:20 mayiyu ankataya magazi m'chitenje popanda woona kuchuluka kwake, ndipo anazindikira ndi gadiyani. Kafukufuku wa ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, wotuluka mu 2023, anasonyeza kuti kuyala pepala lokhala ndi thumba loyezera magazi pansi pa mayi, kenako kupereka thandizo lonse nthawi imodzi akangofika pa mlingo, m'malo moyesa chimodzi n'kudikira, kunachepetsa kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake ndi 60 pa 100 alionse. Thandizo lake ndi lomwe lija: kutikita, oxytocin, tranexamic acid, diripi, ndi kufufuza gwero. Chikhala kuti mzamba uja anali ndi tranexamic acid m'kabati mwake, mayiyu akanalandira 10:30, osati 12:22. Mankhwalawa safuna firiji ndipo si odula. Sindikuona chifukwa choti azidikira ambulansi. Nsengwanso ikanayang'anidwa bwino itangotuluka, tikanadziwa gwero maola awiri m'mbuyo, koma munthu mmodzi wosamalira mayi ndi khanda pa nyali ya sola sindingamuloze chala.

Zomwe tasintha

Pamsonkhano uja tinagwirizana zingapo, ndipo zayamba kale kugwira ntchito. Bokosi la ambulansi tsopano lili ndi mndandanda womata pachivundikiro, ndipo wolandira ntchito m'mawa ndi madzulo amawerenga n'kusaina. Geji ya okosijeni ili pamwamba pa mndandandawo, ndipo imayang'anidwanso galimoto ikangobwera ku ulendo uliwonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo padambo paja ndinaona kuti chomwe sichili m'galimoto ndiye kuti palibe. Ngowe ya diripi anaiwotcherera. NASG tikusinthana pamalo pomwepo: ambulansi imanyamula yochapa, ikatenga wodwala wovala ya chipatala chaching'ono imasiya yathuyo, kuti pasakhale chipatala chogona chopanda. Pakhoma pafupi ndi foni ya m'leba tamata mafunso ndi malangizo oti tiziwerenga mnzathu akaimba, ndipo kukhuthula chikhodzodzo kuli pa nambala yachiwiri. Kuseri kwa kalata yotumizira wodwala tajambula mizere ya nthawi, mtima, BP, magazi ndi mkodzo.

Dalaivala uja anabwera ndi nzeru yake. Anayenda masana m'malo anayi omwe galimoto imakonda kutitimira, anakaonana ndi anyakwawa, natenga nambala za anthu awiri pamalo alionse. Tsopano nyengo ya mvula timaimba tisanafike, anthu n'kutidikira ndi makasu. Anadzeranso pamudzi wa padambo paja kukathokoza, ndipo anakapeza atathira kale miyala ngolo zitatu pamalo pomwe tinatitimira.

Pempho loti zipatala zazing'ono zonse zomwe timazitumikira zikhale ndi tranexamic acid ndi mapepala oyezera magazi tinalilemba ndipo linapita. Pakadali pano ambulansi ikapita kulikonse imasiyako magalamu awiri ochokera m'bokosi lathu, ndipo timalemba tsiku lomwe adzathere mphamvu.

Patatha masabata asanu ndi limodzi mzamba uja anandiimbira. Mayi anabwera kusikelo ya mwana akuyenda yekha, magazi ali pa 10.6, mwana akulemera makilogalamu 5.2, ndipo anasankha njira yolera ya pamkono. Anandiuzanso kuti sabata yomweyo anagwiritsa ntchito galamu imodzi mwa awiri tinamusiyira aja pa mayi wina, mphindi 25 chibadwire mwana, ndipo anapempha kuti ambulansi ikamadzadutsa imubweretsere ina.